Chikho cha muwawani chimene ndinakana kumwa

Moni nonse, abale ndi alongo. Moni azibambo, moni azimayi, moni ana mwakhala kutsogoloku. Ndathokoza akulu a mpingo pondipatsa mpata. Mukaona miyendo yanga ikunjenjemera musadabwe. Si ukalamba wokha ayi. Nkhani imeneyi ndikangoiyamba, thupi langa limakumbuka.

Amene simundidziwa, ine ndine Nabanda. Kwathu kwenikweni n'ku Kanyenda. Kuno ku Bua ndinabwera ndi ukwati, nkhondo yachiwiri ija isanayambe. Amuna anga a Phiri ananditenga chitengwa, chifukwa ntchito yawo inali mumtsinjemu. Anali msodzi wa mpasa. Ankatchinga biyo, kutchera miono, ine n'kumawamba nsomba. Njala sinali kutidziwa. Mpunga tinali nawo, chinangwa tinali nacho, ndiwo zosachita kufunsa.

Koma mwana tinalibe.

Abale anga, mwana tinalibe! Si kuti sindinkaima ayi. Ndinaima katatu. Katatu konseko ndinapita padera. Ndipo zinkachitika mofanana. Anthu akangodziwa kuti Nabanda ali ndi pakati, azimayi akangoyamba kunong'onezana kudambo, sipatenga nthawi, msana uja wayamba, magazi aja ayamba. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti m'mudzimo muli munthu amene akundimanga. Ndani, sindinkadziwa. Ndiye aliyense wondipatsa moni ndinkamuopa.

Apongozi anga aakazi, mayi wawo wa a Phiri, sankandifuna. Anali mayi wouma, wa fodya wa m'mphuno, wosaseka wamba. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti, "Wa ku Kanyenda uja ali kuti?" Mlamu wanga Naphiri, mlongo wawo wa amuna anga, ndiye anali ndi pakamwa. Ndikamadutsa ankati, "Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere." Ine n'kumangoyang'ana pansi. Mtengwa alibe mawu, abale. Kwanu kukakhala kutali umameza zambiri.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula ili pakati, ndinaimanso. Tinapangana ndi amuna anga m'nyumba. Iwo anati, "Ino yokha tisauze munthu. Ngakhale amayi. Idzadziulula yokha." Ine ndinati chabwino. Tinatseka pakamwa.

Koma panali munthu mmodzi amene anazindikira. Anali Abiti Juma, mayi wachisilamu wa ku boma, amene ankawoloka mtsinje kudzagula mpasa zowamba. Tsiku lina anandipeza ndikuthawa fungo la nsomba, ndikulavula kuseri kwa nkhokwe. Anandiyang'ana, n'kuseka.

"Mwanawe, usaope. Ine pakamwa panga mpotseka."

Pochoka anamasula kamfundo ka pansalu yake, n'kutulutsa makungwa ofiirira. Anati, "Uwu ndi muwawani. Usunge padenga. Walahi, m'nyumba mopanda uwu ndi m'nyumba mopanda chitseko. Munthu akamva m'mimba, unyike amwe. Malungo, unyike amwe. Njoka za m'mimba zimatuluka zokha. Dzino likamawawa, avumate. Ngakhale malungo oipa aja a mkodzo wakuda, amuna anga anadzuka ndi womwewu. Kuwawa kwake ngati ndulu, koma kuwawako ndiye mphamvu yake."

Kenaka anandigwira dzanja mwamphamvu, kuseka konse kutatha.

"Koma iwe usamwe. Wamva? Ngakhale kulawa. Wapakati samwa muwawani. Umatsuka m'mimba monse, susankha."

Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwanga ngati mwala. Usamwe. Ngakhale kulawa.

Tsono mvula inalimba. Bua anadzaza, anasefukira mpaka m'minda ya mpunga. Pantoni yowolotsa anthu anaimangirira, sinkawolokanso. Mitengo yathunthu inkadutsa ndi mizu yomwe. Panalibe mwini bwato amene akanayesa. Chipatala chinali kutsidya, ife tili tsidya lino.

Nthawi yomweyo ndi imene amuna anga anadwala.

Anabwera kuchokera kumtsinje akunjenjemera, mano akugundana. Tinawafunditsa, thupi moto. Kutacha maso anali achikasu. Atapita kuseri kwa nyumba anandiitana ndi mawu aang'ono, "Nabanda, tabwera udzaone." Abale anga, mkodzo uja unali wakuda. Wakuda bii! Matenda amenewo tinkawadziwa. Anali atatenga amuna amphamvu m'mudzimo, ndipo sankachedwa.

Ndinakumbuka makungwa a Abiti Juma. Ndinawatsitsa padenga, ndinawasinja pang'ono, ndinanyika mumphika. Chifukwa cha mantha ndinathira ambiri. Madzi aja anafiira, fungo lake lokha kukhosi kuti gwa.

Tsono ana inu mumve bwino apa, chifukwa masiku ano mumangolandira mibulu kuchipatala n'kumeza. Kalelo sizinali choncho. Wopereka mankhwala ankayamba walawa yekha, anthu akuona. Kaya ndi sing'anga, kaya ndi mkazi wako, kaya ndi mayi wako wokubala, ayambe wamwa iye. Ngakhale mowa, ngakhale thobwa, mwini ankayamba wachotsa chiphe. Wopereka osalawa ankadziwika kuti ali ndi chifukwa.

M'mawa umenewo ndinatunga ndi chikho, ndinagwada, ndinadzutsa mutu wa amuna anga. Sindinaone kuti Naphiri waima pakhomo.

"Alamu, simulawa?"

Ndinati, "Ndi mankhwala abwino, alamu. Ndi muwawani."

"Sindinafunse dzina lake. Ndati simulawa?"

Sindinalawe. Amuna anga anagwira chikho n'kumwa. Iwo ankadziwa chifukwa chake. Koma analibe mphamvu yolankhula, ndipo tinali titapangana.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni anayamba kusanza. Anasanza, anasanza, m'mimba namo munatseguka. Kenaka anangoti zii. Maso anatembenuka. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawagwedeza, osayankha. Mpweya unalipo, koma wakutali.

Naphiri anatuluka akuthamanga, manja kumutu.

"Wapha! Wa ku Kanyenda wapha achimwene! Wawamwetsa iye osalawa! Ndaona ndi maso angawa!"

Mayo ine, abale! Anthu anasiya makasu m'minda. Anabwera amuna, anabwera akazi, ana anakwera pachulu kuti aone bwino. Anandikokera pabwalo, dzuwa lili pamutu. Mphika uja anaunyamula n'kuuika patsogolo panga. Apongozi anga anakhala pakhonde, mwendo atatambasula.

Amene analankhula ndi a Zuze, malume wawo wa amuna anga. Sanakalipe ayi. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Analankhula mofatsa, ngati akukamba za mbewu.

"Mtengwa, azungu anatiletsa mwavi. Amati tikamwetsa munthu mwavi atimanga. Chabwino, ife sitisema mwavi. Mankhwala awa wanyika wekha, ndi manja ako. Ukuti ndi abwino. Tangomwa, tione."

Anatunga chikho chodzaza n'kundipatsa.

Munthu wina kumbuyo anati, "Akapanda kumwa timutengere ku boma, akamupachike ku Zomba."

Wina anayankha kuti, "Boma lili kutsidya. Ng'ona zili pompano."

Palibe anaseka. Palibe anatsutsa. Mtsinje unkamveka kulira kuchokera pabwalopo. Ndinkadziwa gombe limene ankanena, pamene ng'ona zinkaothera dzuwa pamchenga, pakamwa zitayasama. Ndinkaopa kutunga madzi pamenepo ngakhale tili gulu.

Abale ndi alongo, ndinagwira chikho chija ndi manja awiri. Ndinkadziwa kuti si chiphe. Ndikanamwa, bwenzi nditapulumuka. Inde, bwenzi nditapulumuka! Koma khutu langa linkamva Abiti Juma: umatsuka m'mimba monse, susankha. Ndimwe, nditaye mwana. Ndikane, ndikadyedwe ndi ng'ona, ine ndi mwana yemwe.

Mwina wina akuti, bwanji simunangonena kuti ndili ndi pakati? Mlongo wanga, kunena n'kosavuta utakhala pabenchi. Pathupi panali pasanaoneke. Mboni zanga zinali ziwiri, wina ali chikomokere m'nyumba, wina ali kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Akanati ndikunama kuti ndithawe chikho. Ndiponso ine ndinkakhulupirira kuti amene anandimanga katatu kaja waima pagulu pomwepo, akundiyang'ana, akungodikira kuti amve.

Nthawi imeneyo sindinali Mkhristu. Ndinkangokhala kumbuyo aphunzitsi akamapempheretsa pasukulu yaudzu ya m'mudzimo, kumvera nyimbo. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti chamumtima, "Mulungu, aphunzitsi amati mumaona zobisika. Chobisika changa mukuchidziwa. Ine nzeru zatha."

Ndinakweza chikho mpaka pafupi ndi mlomo. Fungo linandilowa m'mphuno. Ndipo manja anga anakana. Anakana, abale! Ndinaona nkhope za ana atatu amene sindinawaonepo nkhope. Ndinatsitsa chikho n'kuchiika pansi bwinobwino.

Ndinati, "Sindimwa."

Phokoso limene linabuka pamenepo sindidzaliiwala. "Mfiti! Wavomera! Mfiti!" Naphiri ndiye anayamba, anandiwomba khofi. Wina anandikankha. Ndinagwa chammbali. Ndinaona mwamuna wina akukweza nkhafi yopalasira bwato. Inanditera apa, pamwamba pa diso. Chipsera chake ndi ichi, amene muli pafupi mukuchiona. Magazi anatsikira m'maso. Mapazi ankandipeza kumsana, m'miyendo. Wina anandigwira mwendo n'kuyamba kundikoka chakumtsinje. Msana wanga unkakhula pansi. Ndinati basi, kwanga kwatha.

"Taimani!"

Anali apongozi anga.

"Ndati taimani! Musiyeni mwendowo!"

Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, anadutsa pakati pa anthu, anaima pamutu panga. Ine ndinati abwera kudzandilavulira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwada. Anagwira dzanja langa kuti alichotse pomwe linali, ine ndinalimbitsa. Anayesanso, ine ndinalimbitsa.

Sindinkadziwa, abale, kuti nthawi yonse imene ankandimenya ija nkhope yanga inali pamtunda. Munthu akamamenyedwa amaphimba kumaso. Ine manja anga onse awiri anali pamimba.

Mayi aja anawerama mpaka ndinamva fungo la fodya wawo. Anandinong'oneza kuti, "Yayamba liti?"

Ndinangolira.

Anadzuka. Anapita pomwe panali chikho chija. Chinali chitagubuduzika, ndiye anachitola, anachipukuta ndi nsalu, anatunganso mumphika chodzaza. A Zuze anati, "Alongo, mukuchita chiyani?"

Iwo anati, "Ndikulawira mwana wanga."

Mwana wanga! Ine, wa ku Kanyenda!

Anayang'ana azimayi onse mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Ine ndinatha kubereka. Mwa ine mulibe choti chitayike."

Ndipo anamwa. Anamwa chonse, osapumira, mpaka anatembenuza chikho kuti aliyense aone. Nkhope yawo inakwinyika, misozi inatuluka ndi kuwawa, koma sanalavule.

Azimayi ndiwo anayamba kumva. Ndinaona manja akupita pakamwa. Wina anati, "Ogo!" Naphiri anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira nkhokwe. Azibambo anachedwa pang'ono, monga mwa masiku onse, kenaka amene anagwira nkhafi uja anaibisa kumbuyo.

Koma musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Ayi! Pamenepo ndiye anakula. A Zuze anati, "Aliyense akhale pansi. Tidikire." Ndipo tinadikira. Apongozi anakhala pamphasa, n'kundikokera pambali pawo. Ine mutu unayamba kuzungulira. Kodi makungwa aja analidi muwawani? Ine mtengo wake ndinali ndisanauonepo. Nanga ngati ndinathira ochuluka? Mayi awa akagwa apa, ndiye kuti ndapha awiri, mwana ndi mayi ake. Akangotsokomola, mtima wanga unkaima. Akangotseka maso, ine ndinkawagwira bondo. M'nyumba namo munali zii. Maso a mudzi wonse anali pa ife.

Dzuwa litapendeka, m'mimba mwawo munalira mpaka anthu anamva. Anadzuka mofulumira kuposa msinkhu wawo, ulendo wa kuthengo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anapita, anabwera. Anapitanso, anabweranso. Ulendo wina pobwera anakhala pansi ali wefuwefu, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Iwe, mankhwala amanyika chonchi? Unkayesa katupe wophera nsomba?"

Mayi wina anaphulika kuseka, kenaka ena. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Mayi aja sanafe. Anafooka, koma sanafe.

Ambuye alemekezeke!

M'mawa mwake ndili kupukuta amuna anga kumaso, ndinamva, "Nabanda, madzi." Abale, mawu awiri okhawo! Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anali ofooka ngati khanda, koma anali moyo. Mtsinje utaphwera anawanyamula pamachila, anawoloka nawo, anakagona kuchipatala nthawi yaitali ndithu. Kumeneko anawapatsanso mankhwala ena. Tsono mukandifunsa kuti chinawachiritsa n'chiyani, muwawani kapena mankhwala a kuchipatala, ine sindidziwa. Sindinama pamaso pa Mulungu. Abiti Juma mpaka imfa yake ankati ndi makungwa ake. Adokotala anakalipa, anati tinatsala pang'ono kuwamaliza ndi kusanza kuja. Ine chimene ndidziwa n'chakuti mtengo anaumeretsa ndi Mulungu, nzeru za adokotala anapereka ndi Mulungu, ndipo amene anatsegula maso a apongozi anga ndi Mulungu yemweyo.

Koma mimba ija, abale. Mudzi wonse tsopano unali utadziwa. Chimene ndinkachiopa chija chinali chitachitika. Kuwonjezera apo ndinali nditapondedwa. Msana unkawawa, ndipo tsiku lililonse ndikadzuka ndinkayamba kuyang'ana pamphasa, mtima uli m'mwamba. Ndinkati lero, lero ndiye lero. Apongozi anandilanda munsi, anandilanda mtsuko. Anati, "Ukagwira ntchito ndikuthyola manja." Mayi wachikulire ankapita yekha kumadzi, ine nditakhala pakhonde ngati mlendo. Naphiri sanapepese ndi pakamwa, sanali munthu wotero. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza mtolo wa nkhuni pakhomo, ndipo kamangidwe kake ndinkakadziwa.

Mwezi unatha. Wina unatha. Tsiku lina ndikusankha mpunga ndinamva kanthu kakugunda m'kati. Ndinagwira dzanja la apongozi n'kuliika pamenepo. Mayi wouma uja analira ngati mwana.

Nthawi yotentha, mango ali aang'onoang'ono, ndinachira. Mwana wamkazi, wamoyo, wolira mokweza. Agogo ake anamutcha Tiyamike.

Palibe amene anandimanga, abale. Anthu onse anadziwa, ndipo mwana anabadwa. Mantha ndiwo anandimanga ine, ndipo mantha omwewo ndiwo anagwiritsa anzanga nkhafi. Ndinalowa kalasi chaka chomwecho. Ndinabatizidwa, amuna anga ananditsatira. Pambuyo pa Tiyamike Ambuye anatipatsanso ena, anyamata awiri. Apongozi anga sanalowe mpingo. Ankati, "Ndakalamba, nyimbo zanuzo sindingazithe." Ine sindiweruza. Anamwalirira m'manja mwangamu, ndipo ndinawalira monga ndinalirira mayi wanga wondibala.

Lero moyo wathu ndi wamba. A Phiri ndi awo akhala kumbali ya azibambo, imvi mbuu. Kumtsinje anasiya, amangoluka miono pakhonde n'kumalimbana ndi zidzukulu. Ine ndimalima kampunga kanga. Diso ili kukamazizira limandikumbutsa, koma ndimaona. Muwawani ndimasungabe padenga, sindibisa. Anthu amabwera kudzapempha, wina m'mimba, wina dzino, wina malungo. Ndimawauza kuti anyike pang'ono, asatengere ine, ndipo matenda akakula athamangire kuchipatala mtsinje usanadzaze. Koma mayi aliyense wachitsikana ndimayamba ndamuyang'ana bwino ndisanamupatse.

Tiyamike, taimirira mwanangu, anthu akuone. Usachite manyazi. Mwamuona? Ameneyo ndiye anali pansi pa manja anga tsiku lija. Zinazo sindinena ndi pakamwa, mukuona nokha mmene nsalu yakwerera.

Mwezi wathawu mwamuna wake anagwidwa ndi malungo. Ndinapita kukazonda. Ndinapeza mwana wanga wanyika muwawani, wagwada ndi chikho m'manja, azilamu ake atakhala pakhomo akumuyang'ana. Palibe amene anamunena kanthu. Ndi anthu abwino, ndi Akhristu. Koma ndinaona iye akukweza chikho chija chakumlomo.

Ndinamulanda.

Kuwawa kwake, abale, sikunasinthe. Koma ndinamwa, n'kunena kuti, "Ine ndinatha kubereka. Mwa ine mulibe choti chitayike."

Zikomo Ambuye. Zikomo nonse pondimvera. Amen.